Kalata yochokera ku "District" isakulanditseni malo a tchalitchi

Ndaphunzitsa mbiri ya mpingo kwa zaka zambiri, ndipo pali funso limene landikwana: "Aphunzitsi, bishopu wa English District ndiye mkulu wa Alutheran a ku Mangalande eti?" Ayi. English District ndi chimodzi mwa zigawo 35 za Lutheran Church–Missouri Synod ya ku America. Likulu lake lili ku Farmington, m'dera la Michigan, ndipo dzinalo likunena chilankhulo basi.

Sinodi ya Missouri inayamba ku Chicago mu 1847, ndipo eni ake ankapemphera m'Chijeremani. Mu 1854 anaigawa m'zigawo zinayi. Pambali pawo panali mipingo yachikhulupiriro chomwecho koma yolalikira m'Chingerezi, imene inapanga bungwe lakelake mu 1888. Pamene inalowa mu Missouri mu 1911, inaloledwa kukhala chigawo chopanda malire. Mpaka lero zigawo 33 zili ndi malire, ziwiri zilibe: English District ndi SELC District ya anthu a mtundu wa Slovak, imene inalowa mu 1971. Choncho mumzinda umodzi mutha kupeza matchalitchi awiri a sinodi imodzi, wina wa chigawo ichi, wina wa chigawo china. Ife amene tinaona Nkhoma ndi Livingstonia akukokana pa nkhani ya malire tikamva zimenezi timangopukusa mutu.

Koma chondidetsa nkhawa si dzina. Anthu akamva zoti chigawo amaganiza dayosizi, mmene bishopu amasamutsa wansembe ndi kalata imodzi. Mu Sinodi ya Missouri sizili choncho, ndipo chifukwa chake n'chowawa. Mu 1839 anthu pafupifupi 700 ochokera ku Saxony, ku Jeremani, anafika m'dera la Missouri ku America motsogozedwa ndi Martin Stephan, amene anamuveka ubishopu ndi kumusiyira thumba lawo lonse. Chaka chomwecho chisanathe anamuchotsa pa milandu ya chigololo ndi kusakaza ndalama, namuwolotsa mtsinje wa Mississippi. Otsalawo anayamba kukayika ngati analinso mpingo. M'busa wawo wina, C. F. W. Walther, amene pambuyo pake anakhala pulezidenti woyamba wa sinodi, pa mtsutso wa ku Altenburg, ku Missouri komweko, mu 1841, ndiye anawatsimikizira kuti mpingo uli pamene pali Mawu ndi masakalamenti, bishopu akhalepo kaya asakhalepo. Ana a anthu olumidwa chotere sapatsa munthu mmodzi makiyi. Malamulo a sinodiyo amati pa za kudzilamulira kwa mpingo wa pamalo, sinodi ndi mlangizi chabe. Mpingo umaitana wokha m'busa, ndipo malo ndi nyumba ndi zake. Chigawo chimakumana zaka zitatu zilizonse, mpingo uliwonse n'kutumiza m'busa mmodzi ndi mkhristu wamba mmodzi wovota. Mtsogoleri wake amayang'anira chiphunzitso ndi khalidwe la abusa. Ngakhale wa English District amatchedwanso bishopu, amachita kusankhidwa pa voti.

Nayenso ali ndi womuyang'anira. Aphunzitsi ndi ophunzira ambiri atatuluka pa Concordia Seminary, sukulu ya ubusa ya sinodi ku St. Louis, pa mkangano wa chiphunzitso mu 1974, atsogoleri ena a zigawo anapitiriza kudzoza ophunzira otulukawo. Mu 1976 pulezidenti wa sinodi, J. A. O. Preus, anachotsa anayi, mmodzi mwa iwo wa English District. Mipingo pafupifupi 250 inachoka m'sinodi, ndipo chigawo chimenechi chinataya yambiri.

Tsopano imvani chimene chimandisowetsa tulo. Akulu a mpingo wina wa kumudzi anabwera kwa ine atanyamula kalata ya chidindo chokongola. Munthu wina wovala kolala anawauza kuti watumidwa ndi chigawo cha Lutheran cha ku America, kuti kukubwera malata, mjigo ndi sukulu yamkaka, koma malamulo a chigawocho amafuna kuti malo a tchalitchi alembedwe kaye m'dzina la nthumwi yake, amene ndi iyeyo. Anasonkha ndalama za kalembera, azimayi a chigwirizano anagulitsa mtedza, amfumu anasaina. Anafika kwa ine patapita miyezi isanu ndi itatu, malata osaoneka, munthu uja atayamba kuwauza kuti akupemphera pa malo ake. Mkulu mmodzi, bambo wa imvi, anandifunsa kuti, "Nanga abambo, tikanadziwa bwanji?" Ndinasowa chomuyankha, chifukwa akanabwera sabata yoyamba ndikanangowerenga ndime imodzi n'kuwauza kuti n'zabodza. Chigawo chimene sichitenga mapepala a malo a mipingo yake ku Michigan chingafune bwanji a kumudzi kwanu?

Dziwaninso kuti chigawo sichipanga ubale wa guwa ndi gome, wosinthana alaliki ndi kudyera pamodzi Mgonero, ndi mpingo wa kunja. Imeneyo ndi nkhani ya sinodi yonse. Ndipo Alutheran si amodzi. Lutheran Church of Central Africa, imene inayamba ntchito ku Malawi mu 1963 kuchokera ku Zambia, ndi mwana wa Wisconsin Synod, yomwe inadula ubale ndi Missouri mu 1961. Evangelical Lutheran Church in Malawi, ya mu 1982, ili mu Lutheran World Federation, mmene Missouri ndi Wisconsin mulibe. Munthu akamati akuimira onsewa pakamodzi, ameneyo sanawerenge ngakhale bodza lakelo.

Kalata yotere ikafika, musadikire kuti muone ngati malata abwera. Funsani dzina lonse la sinodi ndi la chigawo, pezani nokha adiresi yawo pa intaneti, osati imene yalembedwa pakalatapo, ndipo muwalembere sabata lomwelo. Kaonetseni kalatayo ku ofesi ya mpingo wa Lutheran umene munthuyo akuutchula. Yankho lisanabwere, amfumu asasaine chilichonse, ndipo msungichuma asatulutse ngakhale tambala.