Sitima yothamanga ya ku California ndi mapulaimale aku America

Mlamu wanga ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, milatho ikuluikulu ya konkiliti itaima pakati pa minda kufupi ndi Fresno ku California, pamwamba pake popanda njanji olo imodzi, nde pansi analemba kuti "alamu inu ndinu injiniya tatiuzani, kodi azungu nawonso amadya ndalama za pulojekiti eti?" Ndinaseka kaye, koma ndinaona kuti yankho la mizere iwiri silikwana, chifukwa nkhani ya milatho imeneyi theka ndi ya simenti ndi malo, theka linalo ndi ya mavoti, makamaka mavoti a mmapulaimale pamene zipani ziwiri zikuluzikulu za ku America, Republican ndi Democrat, zikusankha munthu woti adzaimire pa upulezidenti.

Tiyambe ndi sitimayo. Tikati sitima yothamanga kwambiri ife a ntchito imeneyi timatanthauza yoyenda makilomita 250 pa ola kupita mtsogolo, pa njanji yakeyake yomangidwa chatsopano, ya magetsi. Japan anayamba mu 1964 pakati pa Tokyo ndi Osaka, France anatsatira mu 1981 ndi Paris mpaka Lyon, China anayamba mochedwa mu 2008 koma pano wadutsa makilomita 40,000, ndipo ku Africa kuno Morocco anatsegula yake mu 2018 kuchokera ku Tangier. America, dziko la ndalama zonse zija, mpaka pano alibe njanji yotere yathunthu. Sitima yotchedwa Acela ya pakati pa Washington, New York ndi Boston imagunda sipidi yapamwamba pa tizigawo tochepa chabe, kwinako imayenda pa njanji yakale yokhotakhota limodzi ndi sitima zina.

Mu November 2008 anthu aku California anavota pa Proposition 1A ndipo pafupifupi 53 pa 100 aliwonse anavomera kuti siteti yawo ikongole madola 9.95 biliyoni oyambira ntchito. Lonjezo linali lokoma, San Francisco mpaka Los Angeles maola awiri ndi mphindi 40, mtengo wonse cha mma 33 biliyoni, sitima kuyamba kuyenda pofika 2020. Khasu loyamba linagwa pansi mu January 2015 ku Fresno. Lero mtengo akuwerengera kuti ungadutse 100 biliyoni, ndipo chimene akumanga ndi mamailo 119 mu chigwa cha pakati chotchedwa Central Valley, cholinga chapafupi nkukhala Merced mpaka Bakersfield mamailo 171, matauni oti ambiri a inu simunawamvepo, nchifukwa chake otsutsa amaitcha sitima yosapita kulikonse.

Nde chinavuta ndi chani? Apa ndipamene ndimafuna muchedwepo pang'ono chifukwa andale sakonda kufikapo. Sitima yoyenda 300 pa ola siikhota ngati minibasi, kona yake imafuna bwalo la makilomita 4 mpaka 7 kuchokera pakati, ndekuti njanji singazembe munda wa munthu kapena fakitale kapena tchalitchi, imangodula basi. Taganizani mlimi wa ma almond amene mitengo yake anadzala mmizere yowongoka, mapaipi othirira ali pansi, chitsime chili kona iyi, nde njanji ikubwera mopingasa kumudulira munda patatu, kachidutswa kena kotsala thirakitala singafikeko popanda kuzungulira mtunda wautali. Munthu ameneyo sangosaina ayi, amapita kwa loya, ndipo ku America khoti limamumvera. Malo otere mu chigawo choyambacho ndi opitirira 2,000, aliyense ndi nkhani yake. Kuonjezera apo pa sipidi imeneyo msewu sungadutse pa njanji, sitima ikaponda buleki imaima patatha makilomita angapo, choncho msewu uliwonse uyenera kukwera pamwamba kapena kulowa pansi, ndiyo milatho ya pa chithunzi cha alamu ija. Njanji yeniyeniyo imayalidwa kumapeto, sichinthu chodabwitsa kuona mlatho wopanda njanji, chodabwitsa ndi zaka zimene wakhala choncho.

Ine ndinagwirapo pa msewu wina waung'ono, osati njanji, pamene mapolo atatu a magetsi anatiimitsa miyezi yambirimbiri, eni mapolo akuti tilipire kaye, ife tikuti ndalama ili kwa eni pulojekiti, kontilakita giredala ili phee pa saiti koma bilu ya tsiku lililonse akulemba. Zimenezo muzichulukitse kambirimbiri, mapaipi a gasi, mawaya a foni, ngalande zothirira, nde muonjezere kuti ku California makontilakiti anasainidwa malo asanagulidwe okwanira, chifukwa ndalama zochokera ku Washington zinali ndi malire akuti zikhale zitagwiritsidwa ntchito pofika September 2017. Anathamangira kusaina kuopa kuti ndalama zibwerera, kenako nkumalipira makontilakita chifukwa chowachedwetsa. Ndipo mbali yodula kwenikweni sanaiyambe nkomwe, kuboola mapiri a Pacheco Pass kuti afike ku San Francisco ndi a Tehachapi kuti atsikire ku Los Angeles, dera la zivomezi.

Tsopano ndale. Mawu oti mapulaimale tonse timawadziwa, koma aku America a upulezidenti amayenda mwamtundu wina, sachitika tsiku limodzi, amapita siteti ndi siteti kwa miyezi ingapo, opikisana akutolera madeligeti amene amakamaliza nkhani ku konivenshoni ya chipani. Kwa zaka zambiri oyamba akhala Iowa ndi New Hampshire, ma Democrat okha ndi amene anasintha mu 2024 nkuika South Carolina patsogolo. Ukagwa mmasiteti oyambawa opereka ndalama za kampeni amakuthawa ndipo ambiri safika nkomwe pa Super Tuesday ya mu March, tsiku limene masiteti ambiri amavota limodzi kuphatikizapo California. Iowa ili ndi anthu 3 miliyoni ndi kakuti, New Hampshire sifika 1.5 miliyoni, California ili ndi pafupifupi 39 miliyoni. Pa chisankho cha ma Republican ku Iowa mu January 2024 anabwera anthu cha mma 110,000 okha, kunja kukuzizira koopsa. Munthu wotuluka mnyumba usiku wotere kukavotera chipani si munthu wapakatikati, ndi wachipani wa mmagazi, ndipo amene akufuna voti yake amayankhula zomukomera iyeyo. Mlimi wa chimanga wa ku Iowa nkhani yake ndi ethanol, mafuta a galimoto opangidwa ndi chimanga, sitima ya ku Fresno kwa iye ndi msonkho wake ukupita kwa anthu amtauni amene savotera chipani chake.

Umu ndi mmene sitima inasandukira mbendera ya chipani. Obama atalowa mu 2009 anaika madola 8 biliyoni a sitima zothamanga mu ndalama zodzutsira chuma, basi kuyambira pamenepo inakhala sitima ya Obama. Chisankho cha 2010, nthawi ya Tea Party, gulu la mbali ya Republican lodana ndi misonkho komanso boma kuwononga ndalama zambiri, chinabweretsa abwanamkubwa atsopano a Republican amene anabweza ndalamazo dzuwa likuswa mtengo. Scott Walker ku Wisconsin anakana 810 miliyoni ya njanji ya Milwaukee mpaka Madison, ndipo anachita kampeni pa nkhani yomweyo. John Kasich ku Ohio anakana 400 miliyoni ya Cleveland, Columbus ndi Cincinnati. Rick Scott ku Florida mu February 2011 anakana 2.4 biliyoni ya Tampa mpaka Orlando. Awiri oyambawo anadzapikisana nawo mmapulaimale a upulezidenti a 2016, Walker anasiya mu September 2015 voti isanaponyedwe olo imodzi, Kasich anapambana kwao ku Ohio kokha. Sindikunena kuti anakana ndalama chifukwa choganiza za White House basi, koma mu chipani chawo nthawi imeneyo kubweza cheke cha Obama inali satifiketi yoti ndiwe weniweni.

Koma ndinene chilungamo, sionse amene ankatsutsa opanda mfundo. Ya ku Ohio ija sinali sitima yothamanga olo pang'ono, sipidi yake yapamwamba inali mamailo 79 pa ola ndipo Kasich ankaiseka kuti ukawerengera ulendo wonse ikuyenda 39. Ya Tampa ndi Orlando ndi mtunda wa makilomita osakwana 150, woti pa galimoto umafika ola limodzi ndi theka, ndipo ukatsika pa siteshoni ufunanso galimoto chifukwa matauni ake ndi omwazikana. Sitima yothamanga imagwira bwino ntchito pamene pali mizinda iwiri ikuluikulu yotalikirana makilomita mwina 200 mpaka 800, patali poti galimoto yatopetsa, pafupi poti ndege ikungokutayitsa nthawi pa eyapoti. Boma la Obama linamwaza ndalamazo mmasiteti ambiri kuti aliyense alaweko, mmalo moziunjika pa njira imodzi nkuimaliza, nazonso ndi ndale zomwezo.

Mbali ya ma Democrat vuto lake ndi lina, kulonjeza. Mu February 2019 mapulaimale awo a 2020 akuyamba kutentha kunatuluka Green New Deal, pulani yolimbana ndi kusintha kwa nyengo, sitima zothamanga zili momwemo, opikisana ambiri akuthamangira kuisapota kuti asaoneke ofooka pa nkhani ya kusintha kwa nyengo. Pasanathe sabata Gavin Newsom, bwanamkubwa watsopano wa California wachipani chomwecho, anaima mu nyumba ya malamulo ya siteti yake nkunena kuti mmene pulojekiti ilili idya ndalama zambiri ndi kutenga nthawi yaitali, nde aika mtima pa Merced mpaka Bakersfield kaye. Monga injiniya ndinaona kuti wanena zoona, koma pa ndale anapereka chikwapu kwa adani ake. Trump pompo anafuna kuti California ibweze madola 3.5 biliyoni, ndipo mu May chaka chomwecho boma lake linaletsa 929 miliyoni. Biden, munthu wokonda sitima amene kwa zaka 36 ankakwera sitima za Amtrak pakati pa kwao ku Wilmington ndi Washington, anaibwezera California ndalamayo mu 2021, nkuonjezera 3.1 biliyoni mu December 2023. Trump atabwereranso, mu July 2025 boma lake linachotsa pafupifupi 4 biliyoni.

Tayesani kukonza bajeti ya ntchito ya zaka 25 ndi mpopi wotere, zaka zinayi ukutuluka madzi zaka zinayi wauma. Kontilakita akaona kuti malipiro ndi okayikitsa amakweza mtengo, mainjiniya odziwa ntchito amachoka kupita kwina, mitengo ya zitsulo ndi simenti siikudikira, ndipo tanelo yaitali siungayambe kuiboola ndi ndalama za theka. Ku Spain ndi ku France maboma asintha kangapo koma njanji zimapitirira kumangidwa, gulu lomwelo la akatswiri likamaliza iyi limapita pa ina, nchifukwa chake kilomita yawo imatsika mtengo. Ngakhale Britain nayo inalowa msampha womwewu, nduna yaikulu ya nthawi imeneyo Rishi Sunak anadula mbali ya njanji yawo yothamanga ya HS2 yopita ku Manchester mu October 2023 ali pa msonkhano wa chipani chake mu Manchester momwemo.

Newsom nthawi yake ikutha mu January 2027 ndipo dzina lake likumveka kwambiri pa mapulaimale a 2028. Akaima, milatho ya ku Fresno ija mudzaiona pa TV tsiku ndi tsiku, ndipo oyamba kuigwiritsa ntchito mwina sadzakhala ma Republican koma anzake a mchipani momwemo ofuna kuonetsa kuti iwo amamaliza zinthu. Pa mtsutso wa pa TV munthu amapatsidwa mwina mphindi imodzi, palibe amene adzafotokoze za mapaipi a gasi kapena minda 2,000, adzangoti 33 biliyoni inasanduka 100. Inu mukamaonera muzifunsa zimene ife timafunsa tikapatsidwa pulani pa desiki, mizinda yake ili ndi anthu angati, malo agulidwa kale kapena ayi, ndalama yotsimikizika ndi ya zaka zingati. Ya California pa funso loyambalo imakhoza bwino kwambiri, San Francisco ndi Los Angeles ndi mtunda woyenera sitima yotere, inalephera pa awiri enawo, nchifukwa chake ine sindigwirizana ndi oti inali maganizo opusa komanso sindigwirizana ndi oti zonse zili bwino vuto ndi Trump yekha.

Alamu aja nditawalembera zonsezi anangoyankha kuti "nde sitima za ku Wisconsin zinatha bwanji?" Siteti ija inali itaoda kale sitima ziwiri ku kampani ya ku Spain ya Talgo, zinamangidwa ndithu ku Milwaukee, nkhani inakathera kukhoti, Wisconsin inalipira koma sitima zinatsala mmanja mwa kampaniyo, zinakhala zaka zambiri osanyamula munthu. Mu 2022 anazigula ndi boma la Lagos ku Nigeria.