Kudzudzula Israel n'kudana ndi Ayuda? Mmene makhoti amalekanitsira ziwirizi

Mu Febuluwale 2022, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa linagamula nkhani imene inatha zaka 13 isanafike kumapeto. Woimbidwa mlandu anali Bongani Masuku, yemwe mu 2009 ankayang'anira za ubale ndi maiko ena ku COSATU, mgwirizano waukulu wa mabungwe a anthu apantchito m'dzikolo. Nkhondo ya ku Gaza imene inayamba mu Disembala 2008 inali itangotha kumene, mitima ikadali yowira, ndipo Masuku analankhula mawu anayi amene bungwe loimira Ayuda a ku South Africa linakadandaula nawo. Amodzi anawalemba pa intaneti. Atatu enawo anawanena pa msonkhano ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg.

Khoti loyamba linati mawu onse anayi ndi achidani. Khoti la apilo linati ayi, palibe ngakhale amodzi. Oweruza a khoti lalikulu sanatsate mbali iliyonse mwa ziwirizi; anawathira mawuwo m'lichero n'kuwapeta amodziamodzi. Atatu a ku Wits aja anali aukali ndithu, ena oopseza kumene, monga pamene anachenjeza mabanja otumiza ana awo kukalowa usilikali ku Israel kuti asadzadandaule china chikawachitikira. Komabe khoti linaona kuti mawuwa ankalunjika anthu chifukwa cha mbali imene aima pa ndale za Israel, osati chifukwa choti ndi Ayuda. Koma a pa intaneti aja, m'mene Masuku anati otsatira Zionism (ganizo loti Ayuda akhale ndi dziko laolao) ndi anthu a m'nthawi ya "mnzawo Hitler" ndipo ayenera kuzunzika kosalekeza mpaka atachoka m'dziko la eni, khoti linati apa malire adumphidwa. Hitler sankafunsa kuti iwe ndale zako n'zotani. Ankapha Myuda chifukwa ndi Myuda. Munthu woganiza bwino akawerenga mawuwo amamva kuti olasidwa ndi Ayuda. Masuku analamulidwa kupepesa.

Mlanduwu ndimaukonda pophunzitsa chifukwa onse awiri, odandaula ndi odandauliridwa, anatuluka m'khoti atapambana pang'ono n'kugonja pang'ono, ndipo ndi mmene nkhani zimenezi zimakhalira kawirikawiri mukaziyang'ana pafupi.

Chovuta chimayambira pa zinthu zitatu zimene anthu amasakaniza. Pali Ayuda, mtundu ndi chipembedzo, ndipo oposa theka la iwo sakhala ku Israel. Pali Zionism (si mpingo wa Ziyoni wa ng'oma uja), ganizo la ndale limene Theodor Herzl analiitanira msonkhano woyamba ku Basel mu 1897, loti Ayuda akhale ndi dziko laolao ku Palestine. Ndiye pali boma la Israel, lokhala ndi nduna, asilikali ndi zisankho ngati boma lina lililonse. Ayuda ambiri amaona Israel ngati pothawira pamene dziko lapansi linawakaniza malo, anthu awo 6 miliyoni ataphedwa ndi chipani cha Nazi. Mpalestina akamva za 1948, chaka chimene dziko la Israel linakhazikitsidwa, amakumbukira anthu pafupifupi 700,000 amene anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo ndipo sanaloledwe kubwerera. Ndiye wina akakuwa kuti "Zionism ithe", Mpalestina akumva zoti ufulu wake ubwere, pamene Myuda wina akumva zoti abale ake a mumzinda wa Haifa ku Israel atayidwe m'nyanja.

Chikalata chimene chimatchulidwa kwambiri m'mikangano imeneyi ndi cha bungwe la International Holocaust Remembrance Alliance, mwachidule IHRA, chimene maiko 31 anavomereza ku Bucharest pa 26 Meyi 2016. Chimafotokoza mwachidule tanthauzo la chidani pa Ayuda, kenako chimapereka zitsanzo 11, ndipo 7 mwa izo zimakhudza Israel. Zina palibe angazitsutse. Kuimba mlandu Ayuda onse chifukwa cha zimene boma la Israel lachita ndi chidani basi, ndipo kunena kuti Myuda wa ku London amakonda Israel kuposa dziko lake ndi bodza lakalekale. Koma zitsanzo ziwiri ndi zimene zimabutsa fumbi: kunena kuti kukhalapo kwa dziko la Israel ndi ntchito ya tsankho la mtundu, ndiponso kufuna kuti Israel achite zimene simufuna kwa maiko ena a demokalase.

Taganizirani. Mu 2021 bungwe la ku Israel komweko la B'Tselem linati dzikolo likuyendetsa apartheid. Human Rights Watch inanena chimodzimodzi chaka chomwecho, Amnesty International mu 2022. Mungathe kutsutsana nawo, ndipo ambiri amatsutsana nawo, koma kodi onsewa ndi odana ndi Ayuda? Chikalatacho chimanena chokha kuti kudzudzula Israel mofanana ndi mmene dziko lina lililonse limadzudzulidwira si chidani, komanso kuti icho si lamulo. Vuto ndi loti chikafika pa tebulo la mkulu wa yunivesite amene akuopa kulandidwa ndalama, mzere wotetezawo umaiwalika. Boma la Britain linachivomereza mu Disembala 2016, ndipo mu 2020 nduna ya maphunziro Gavin Williamson analembera mayunivesite kuti amene sachivomereza akhoza kudulidwa thandizo. Ku America, Donald Trump analamula mu Disembala 2019 kuti nthambi za boma zizichigwiritsa ntchito pofufuza madandaulo a tsankho m'sukulu.

Mmodzi mwa odandaula kwambiri ndi izi ndi Kenneth Stern, loya wachiyuda wa ku America amene anatsogolera polemba mawu oyambirira a chikalatachi cha m'ma 2004. Iye wakhala akunena poyera kuti anachilemba kuti chithandize osonkhanitsa malipoti a chidani ku Ulaya kuwerenga zinthu mofanana, osati kuti chikhale chotsekera pakamwa ophunzira. Mu Malichi 2021 akatswiri pafupifupi 200, ambiri a iwo odziwa mbiri ya Ayuda ndi ya kuphedwa kwawo, anatulutsa chikalata china chotchedwa Jerusalem Declaration on Antisemitism. Ichi chimati chidanicho ndi tsankho, nkhanza kapena chiwawa kwa Ayuda chifukwa choti ndi Ayuda, ndipo chimanena mosabisa kuti kunyanyala katundu wa Israel kapena kutsutsa Zionism pakokha si chidani. Ine ndimaona kuti chachiwirichi chimathandiza woweruza kuposa choyamba, chifukwa chimamukakamiza kufunsa funso limodzi lomwe lija la kwa Masuku: mawuwa alasa ndani, ndipo chifukwa chiyani?

Za kunyanyala katundu, Ulaya yemwe sagwirizana. Nyumba ya malamulo ya Germany inagamula mu Meyi 2019 kuti njira za gulu la BDS, lolimbikitsa kunyanyala Israel, n'zachidani pa Ayuda, ndipo aphungu anakumbutsa za zikwangwani za m'nthawi ya Nazi zoletsa anthu kugula m'masitolo a Ayuda. Mbiri ya Germany mukaidziwa simudabwa. Koma mu Juni 2020 khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya, ku Strasbourg, linagamula mlandu wa Baldassi mokomera anthu amene France inawapeza olakwa chifukwa chogawa timapepala m'sitolo yaikulu ku Alsace topempha ogula kusiya katundu wa ku Israel. Khoti linati kumeneko n'kulankhula za ndale, kotetezedwa, bola pasakhale kuitanira chiwawa kapena chidani. Amene anakula akumva za kunyanyala malalanje a ku South Africa m'nthawi ya apartheid sangavutike kumvetsa chigamulochi.

Chitsanzo chovuta kwambiri ndi mfuu ija ya pa zionetsero, yoti kuchokera ku mtsinje mpaka ku nyanja Palestine adzakhala mfulu. Mtsinjewo ndi Jordan, nyanjayo ndi Mediterranean, ndipo pakati pake pali Israel yense, West Bank ndi Gaza. A Hamas, gulu lachipalestina lankhondo la ku Gaza, akanena mawuwa amatanthauza kuti Israel afafanizike. Wophunzira wa ku New York akhoza kutanthauza dziko limodzi lopatsa onse ufulu wofanana. Mu Novembala 2023 nyumba ya malamulo ya America inadzudzula phungu Rashida Tlaib, wa makolo achipalestina, mwa zina chifukwa cha mawuwa, iye n'kumati akunena za ufulu ndi kukhalirana mwamtendere. Chodabwitsa n'choti chipani cha ku Israel cha Likud, chimene lero chikutsogoleredwa ndi Benjamin Netanyahu, chinalemba m'mfundo zake za 1977 kuti pakati pa nyanja ndi Jordan padzakhala ulamuliro wa Israel wokha. Loya woona mtima akuuzani kuti mfuuyi payokha siikwanira kumanga munthu. Pamafunika kudziwa waikuwa ndani, kuti, ndipo anatsatiza mawu otani. Kuikuwa kutsogolo kwa ofesi ya kazembe ndi nkhani ina; kuikuwa pa chipata cha sunagoge anthu akutuluka ku mapemphero ndi inanso.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa omenyera ufulu wa Apalestina ena amayankhula ngati dandaulo lililonse la chidani ndi chiwembu chowatseka pakamwa. Si zoona. Kuyambira pa 7 Okutobala 2023, pamene Hamas inapha anthu pafupifupi 1,200 n'kugwira ena pafupifupi 250, ndipo Israel anayankha ndi nkhondo imene unduna wa zaumoyo ku Gaza unati pofika Julaye 2025 inali itapha anthu oposa 60,000, Ayuda a m'maiko akutali alipira zimene sanachite. Mu Meyi 2025 antchito awiri a ku ofesi ya kazembe wa Israel anawomberedwa kunja kwa nyumba yosungira mbiri ya Ayuda ku Washington, wogwidwayo akukuwa za ufulu wa Palestine. Pa 2 Okutobala 2025, tsiku la Yom Kippur, lopatulika koposa kwa Ayuda, sunagoge wa Heaton Park ku Manchester anaukiridwa ndipo opembedza awiri anafa. Anthuwo sanali nduna kapena asilikali. Mabodza akale nawonso amabwerera atavala malaya atsopano: loti Ayuda agwira mabanki ndi nyuzipepala za dziko lonse, loti amakonda magazi a ana, bodza limene linayamba ku Norwich, ku England, m'ma 1144. Munthu akangochotsa mawu oti Myuda n'kuikapo oti Zionist, bodzalo silisanduka ndale. Ngakhale chipani cha Labour ku Britain chinagwa m'mbuna imeneyi. Mu Okutobala 2020 bungwe la boma loona za ufulu ndi kusasankhana linapeza kuti pa nthawi ya utsogoleri wa Jeremy Corbyn chipanicho chinaphwanya lamulo pa mmene chinkasamalira madandaulo a mamembala achiyuda.

Koma mbali inayo nayo ili ndi mlandu wake, ndipo mphamvu zambiri zili kumeneko. South Africa itakasuma ku khoti la dziko lonse ku The Hague mu Disembala 2023 kuti Israel akuphwanya pangano loletsa kupulula mtundu wa anthu, boma la Israel linati limeneli ndi bodza la magazi lija. Komatu uwu ndi mlandu wa boma ndi boma, wokhala ndi maloya ndi umboni, ndipo oweruza anapereka malamulo oyembekezera pa 26 Januwale 2024. Ku America, Mahmoud Khalil, amene ankalankhulira ophunzira ochita zionetsero ku yunivesite ya Columbia, anagwidwa ndi a zolowa ndi kutuluka mu Malichi 2025 ngakhale anali ndi chilolezo chokhala m'dzikolo mpaka kalekale, popanda mlandu uliwonse waupandu, ndipo anakhala m'ndende miyezi yoposa itatu woweruza asanalamule kuti atulutsidwe. Pa zionetsero zomwezo pamakhala Ayuda ambiri, monga a gulu la Jewish Voice for Peace, monganso mmene Ronnie Kasrils, Myuda amene anamenya nkhondo yolimbana ndi apartheid n'kudzakhala nduna, wakhala akudzudzulira Israel kwa zaka zambiri. Dzina loti wodana ndi Ayuda likamapachikidwa pa aliyense wonyamula mbendera ya Palestine, limapepuka, ndipo tsiku limene wachidani weniweni abwera anthu amangoti ndi zomwe zija.

Kwathu kuno nkhaniyi imalowa ndi khomo la kutchalitchi. Malawi ndi limodzi mwa maiko ochepa a mu Africa amene sanadule ubale ndi Israel mu 1973, anyamata athu anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko mu Novembala 2023, ndipo ofesi ya kazembe inatsegulidwa ku Tel Aviv mu Epulo 2024. Ambiri akamva Israel amaona Mose ndi Davide, kotero kufunsa za Gaza kumaoneka ngati kutsutsana ndi Baibulo. Enanso, pokwiya ndi zithunzi za ana ophedwa, amalemba pa Facebook zotamanda Hitler. Woyambayo wasakaniza boma ndi mtundu, wachiwiriyonso chimodzimodzi.

Kwa abale amene akugwira ntchito ku Britain, m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo amafunsa ngati zolemba zawo pa intaneti zingawachotsetse ntchito, mlandu wa David Miller ndi wofunika kuudziwa. Miller anali pulofesa ku yunivesite ya Bristol ndipo anachotsedwa mu Okutobala 2021 chifukwa cha zimene ananena pa Zionism ndi pa gulu la ophunzira achiyuda. Mu Febuluwale 2024 khoti la zapantchito linagamula kuti kutsutsa kwake Zionism ndi chikhulupiriro chotetezedwa ndi lamulo la Equality Act la 2010, ndipo kuti anachotsedwa mosayenera. Ambiri anaimira pamenepo powerenga. Khoti lomwelo linadula chipukuta misozi chake ndi theka, chifukwa cha mmene analankhulira za ophunzira ake ndi magulu awo, achinyamata amene iye anali ndi udindo wowateteza.