Za mabizinesi a anthu wamba ku Cuba: mayankho pa zomwe mwakhala mukutifunsa

Chichitireni phunziro la za Cuba lija mafoni sakupuma, ena mpaka kutinena kuti tikubisa zinthu. Ife a komiti ya maphunziro tati tingoyankha onse pamodzi.

Kodi MIPYME nchani?

Ndi timakampani ta anthu wamba tomwe boma la Cuba linaloleza mu September 2021, antchito asapitilire 100.

Kale kunalibe?

Mu 1968 boma la Fidel Castro linalanda mabizinesi ang'onoang'ono oposa 50,000, ndi mabala omwe. Kudzilemba wekha ntchito kunabwerera mu 1993 Soviet Union itagwa, zinthu zitathina.

Aliyense atha kutsegula?

Ayi, ndipo apa mpomwe pakuvuta. Lamulo la 2021 limafuna munthu wokhazikika ku Cuba konko, komanso munthu mmodzi sangakhale mwini wa makampani awiri, ati kuopa kuti chuma chingaunjikane mmanja mwa ochepa. Sukulu, chipatala, nyuzipepala, izo nza boma basi. Koma tinene chilungamo, amene ali ndi achibale ku Miami, mzinda wa ku America, owatumizira madola ndi omwe amayamba msanga, pomwe mphunzitsi wolandira mapeso, ndalama za ku Cuba, amangoonerera. Malamulowa amasinthidwasinthidwa, musatigwire mawu ngati maloya.

Nde kuti socialism yatha?

Ifeyo sitinanenepo zimenezo. Fakitale zikuluzikulu, mabanki ndi magetsi zidakali za boma, ndipo malamulo a dziko a 2019 anavomereza kale kuti munthu atha kukhala ndi bizinesi yakeyake. Makomuredi ena amaloza momwe China inatsegulira msika pansi pa mtsogoleri Deng Xiaoping kuyambira 1978 ndi Doi Moi, ndondomeko yotsegula msika ya ku Vietnam ya 1986, amati msika ndi chida chabe bola chipani chigwire chiwongolero, ndipo amadandaula kuti Cuba inachedwa. Ena akuti ayi, wolemba anzake ntchito nkumadya phindu ndi bwana basi olo mumutche dzina lanji. Raúl Castro yemwe, amene anali mtsogoleri wa chipani cha Komyunisiti ku Cuba, pa msonkhano wa chipanicho wa April 2021, anachenjeza kuti pa nkhani ya mabizinesi a anthu wamba pali malire osafunika kudumpha. Mkomiti mwathu momwemuno sitigwirizana.

Nanga mitengo bwanji ikukwera chonchi?

Funso ili sitimalikonda koma labwera kambiri. Mashopu a MIPYME muli katundu, inde, koma ambiri amaitanitsa kunja ndi madola ogulidwa pa black market, komwe mu 2024 dola imodzi inadutsa mapeso 300 pomwe kubanki inali 120. Chaka chomwecho penshoni yotsikitsitsa inali mapeso 1,528, osakwana kugula thireyi ya mazira 30. Mu July 2024 boma linaika malire pa mitengo ya nkhuku, mafuta ophikira, mkaka waufa, soseji, pasita ndi sopo waufa. Musaiwalenso ziletso za malonda za America zomwe zilipo kuyambira 1962, ngakhale sitinganene kuti vuto lonse ndi limenelo.