Nsomba zikatuluka zilonda, mankhwala kulibe

Kukangoyamba kuzizira mu June ndi July, alimi a nsomba amabwera ndi funso limodzi: tithire chiyani m'damu kuti zilonda zipole? Yankho langa siliwakomera. Nsomba imene yagwidwa kale ilibe mankhwala.

Matendawa akatswiri amawatchula kuti EUS. Mu Africa anayamba kuoneka mu 2006 m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi, ndipo kuno kwathu anatsimikizika mu 2020 ku Mchinji, cha ku mtsinje wa Bua. Amayamba ndi kachirombo konga chuku kokhala m'madzi, dzina lake Aphanomyces invadans. Khungu la nsomba likakhala labwinobwino, kachiromboka kamavutika kulowa. Kamadikira pamene pasupuka, kaya ndi ukonde, kaya ndi madzi owawasa amene amatsuka kumtunda mvula ikagwa yambiri. Poyamba mumaona timadontho tofiira, kenako chilonda chimakumba mpaka mumnofu. Milamba ndi matemba zimagwidwa msanga, koma makumba ndi chilunguni nazo sizipulumuka.

Kuzizira kumafooketsa chitetezo cha nsomba, n'chifukwa chake nyengo imeneyi si yokokakoka ukonde kapena kusamutsa nsomba popanda chifukwa. Chepetsaninso madeya, poti nsomba sizidya kwambiri ndipo otsalawo amangowola pansi.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri ndi ukonde wa kalabu. Lero uli m'damu la uje, mawa kwa wina, mkuja wapita kumtsinje, uli wonyowa chinyowere. Matenda amayenda nawo. Uyanikeni padzuwa uume gwa musanaulowetse m'damu lina, zidebe chimodzimodzi. Mbewu ya nsomba yotola kumtsinje kapena kudambo imaoneka yotchipa, koma mtengo wake mudzaumva pokolola. Gulani kwa oswetsa odziwika, ndipo ikafika muisunge payokha kaye. Polowera madzi ikanipo sefa kuti nsomba zamtchire zisalowe. Mukakolola, phwetsani damu liume mpaka matope ang'ambike, muwaze laimu pa mlingo umene mlangizi angakuuzeni.

Mukaona nsomba ya zilonda, ivuuleni, muikwirire mozama kutali ndi madzi. Musaiponyere agalu kapena kuitaya mumtsinje, ndipo madzi a damulo musawatsegulire kwa anzanu akumunsi. Kachiromboka sikagwira anthu, komabe nsomba yotere si ya ndiwo kapena ya pamsika, chifukwa pachilondapo pamakhala tizirombo tina. Dziwitsani ofesi ya zausodzi ya m'boma lanu tsiku lomwelo.