Chipolopolo cha Sea Cottage: mbiri ya kubetcha pa Durban July

Loweruka loyamba la mwezi wa July, bwalo la Greyville mumzinda wa Durban limadzaza pha, anthu atatchena ngati akupita ku ukwati. Abale athu okhala ku Joni amalidziwa tsikuli, chifukwa ngakhale munthu amene sadziwa dzina la hatchi ndi limodzi lomwe amaponyako kangachepe.

Mpikisano wa mahatchi umene umachitika tsikuli, wotchedwa Durban July, unayamba mu 1897, ndipo hatchi yoyamba kupambana inali Campanajo. Lero mahatchi amathamanga mamita 2200 pa udzu, popanda zodumpha. Chimene chimakopa obetcha ndi lamulo lake: hatchi yamphamvu amaisenzetsa katundu wolemerapo, tizitsulo tamtovu pansi pa chishalo, kuti nayo yofooka ikhale ndi mwayi. Ndiye palibe amene angalumbire kuti ipambana ndi iyi.

Mu 1965 boma la South Africa linaletsa pafupifupi juga yonse, n'kusiya kubetcha pa mahatchi kokha. Ndalama za otchova juga zinakhamukira kumeneko. Olandira ndalama za obetcha, amene kumeneko amati ma bookmaker, ankatsegula kubetcha kudakali masabata angapo, ndipo hatchi imene mwabetchera ikalephera kuthamanga, ndalama zanu zinkalowa m'madzi. Apa ndiye panagona nkhani.

Mu 1966 dziko lonse linkakamba za Sea Cottage, hatchi yophunzitsidwa ndi Syd Laird. Anthu anaibetchera mosaumira, moti ikanapambana, olandira ndalama ena akanatsala manja ali m'khosi. Pa 10 June, kutatsala masabata atatu, mahatchi akupita kokathamangitsidwa pamchenga wa kunyanja ku Blue Lagoon m'mamawa, munthu wina amene anabisala pafupi anaombera Sea Cottage pantchafu yakumbuyo. Madokotala a ziweto sanachotse chipolopolocho. Woomberayo anagwidwa n'kulamulidwa kukhala kundende zaka 6.

Chimene chimandipweteka n'chakuti nyamayi sinkadziwa chilichonse za ndalama zimene anthu anaisenzetsa. Inkangopita kukathamanga monga masiku onse.

Laird sanaichotse pampikisano. Kaya anachita bwino kaya ayi, anthu angatsutsane. Ine ndikuona kuti hatchi yovulala motero inkayenera kupuma. Koma inathamanga, chipolopolo chili m'thupi, n'kufika pa nambala 4. Imene inapambana inali Java Head, ya m'khola la Laird yemweyo.

Chaka chotsatira, mu 1967, Sea Cottage inabwereranso ku Greyville itasenzetsedwa katundu woposa wa hatchi ina yotchedwa Jollify ndi makilogalamu pafupifupi 12. Pokhota komaliza inali kumbuyo ndithu. Kenaka inayamba kudutsa anzake mmodzimmodzi, khamu likukuwa, mpaka inafika pamzere mphuno yake ndi ya Jollify zili pamodzi. Oweruza anayang'anitsitsa chithunzi, osatha kuzilekanitsa, ndipo anagamula kuti zonse ziwiri zapambana.

Kwa zaka zambiri mpikisanowu unkatchedwa ndi dzina la kampani ya fodya ya Rothmans, kenaka la Vodacom, ndipo kuyambira 2022 ukutchedwa Hollywoodbets Durban July, dzina la kampani yobetchera. Sea Cottage inapambana maulendo 20 mwa maulendo 24 amene inathamanga. Inafa mu 1987, chipolopolo chija chidakali pantchafu.