Matenda a mitochondria sachokera kwa mayi okha

Zaka zapitapo ndikumva anthu akunena kuti mwana akabadwa ndi matenda a mitochondria (tizigawo ta m'maselo totulutsa mphamvu m'thupi), ndiye kuti wawatengera kwa mayi basi. Zimandiwawa, chifukwa amayi amangodziimba mlandu.

N'zoona kuti DNA (malangizo achibadwa amene timatengera kwa makolo) ya mu mitochondria timaitenga kwa mayi, koma ili ndi malangizo a mapuloteni 13 okha. Mapuloteni ena onse a ma enzyme (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'thupi) otulutsa mphamvu m'maselo malangizo ake ali mu nucleus, pakatikati pa selo posungira DNA yambiri, momwe bambo ndi mayi amaperekamo onse. Pofufuza matendawa, akatswiri amadula kachikopa kakang'ono, kulera maselo ake mu labu, n'kuyeza enzyme yofookayo. Mwa ana, kawirikawiri vuto limapezeka mu nucleus.

Musafalitse zongomva. Funsani dokotala kuti jini (kachigawo ka DNA) yolakwikayo ili mu mitochondria kapena mu nucleus.