Mwana Akakwana Miyezi 6: Phala Lolimba, Bere Lisaleke

Uthenga uwu ndi wa amayi, abambo ndi agogo a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje amene akulera mwana wosakwana zaka ziwiri.

M'miyezi 6 yoyamba mwana amafunika bere lokha, usana ndi usiku. Tikudziwa mmene kumatenthera kuno kuchigwa m'mwezi wa Okutobala, ndipo agogo akaona khanda likutuluka thukuta amafuna kulimwetsa timadzi. Chifundo chimenecho n'chomveka, koma mkaka wa m'mawere uli kale ndi madzi okwanira kupha ludzu la mwana. Kukatentha, muyamwitseni pafupipafupi, ndipo mayi ndiye amwe madzi ambiri. Madzi, phala kapena mankhwala achikuda opatsidwa nthawi isanakwane amabweretsa matenda otsegula m'mimba, komanso mwana akakhuta zimenezo amayamwa pang'ono, mkaka nkuyamba kuchepa.

Miyezi 6 ikakwana zinthu zimasintha. Mwanayo wakula, akutha kukhala pansi mogwiriziza, khosi lalimba, akulondola ndi maso dzanja lanu likamapita kukamwa. Mkaka wokha sukumukwaniranso, makamaka pa ayironi, mchere wothandiza kupanga magazi, chifukwa amene anabadwa naye m'thupi amakhala akutha. Apa ndi poyambira chakudya chowonjezera. Bere lipitirire mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Pakati pa miyezi 6 ndi 12 mkaka wa mayi umaperekabe theka kapena kuposa la mphamvu zimene mwana amafuna, ndipo m'chaka chachiwiri umapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mayi amene ali ndi HIV ayamwitsenso, akumwa ma ARV mwandondomeko ndi kutsatira malangizo a kuchipatala.

Vuto lalikulu m'makomo mwathu ndi phala lamadzimadzi. Mayi amatereka kapoto, nkuthira ufa woyera pang'ono, phala nkutuluka lomweka ngati thobwa, poganiza kuti lolimba limutsamwa mwana. Kamimba ka mwana n'kakang'ono kwambiri. Kakadzaza ndi madzi, mwana amaoneka wokhuta, amagona, koma thupi silinalandire kanthu. Miyezi ikamapita, pasikelo mzere wa m'kabuku kake umangoyenda chogona osakwera. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira, ndipo kupinimbira kumayamba makamaka m'zaka ziwiri zoyambirira zomwezi. Mwana wopinimbira amavutikanso m'kalasi akadzayamba sukulu.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tapani phala ndi supuni, muipendeketse. Likayenderera nthawi yomweyo, lachepa ufa. Phala labwino limakakamira pasupuni nkumagwa pang'onopang'ono.

Kulimba kokha sikokwanira, phala lifunika kusakaniza. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, ndipo ufa wa mapira, mchewere kapena mawere, mbewu zimene zimapirira dzuwa la kuno, ndi wabwinonso. Musazione ngati chakudya cha anthu osauka. M'phalamo thiranimo supuni ya nsinjiro, kapena chitowe chokazinga ndi kusinja, kapena ufa wa soya, khobwe kaya nandolo. Tsiku lina phwanyiranimo dzira liphikikire momwemo. Kasupuni kakang'ono ka mafuta ophikira kamawonjezera mphamvu popanda kudzaza mimba. Mtedza muusankhe bwino musanasinje: wa chuku ndi wofumbwa tayani, chifukwa chuku chili ndi poizoni amene amawononga chiwindi.

Ife a m'mbali mwa Shire ndi dambo la Elephant Marsh tili ndi mwayi wa nsomba. Matemba kapena usipa wouma muukazinge pang'ono, muusinje ndi mitu yomwe, musefe mpaka ukhale ufa wosalala, musunge m'botolo lotseka bwino. Kasupuni kamodzi m'phala kamapereka zomanga thupi ndi zolimbitsa mafupa. Mlamba wophika muuchotse minga mosamala ndi zala zoyera, muunyenye. Si msuzi wokha ayi: zofunika zili mu nsomba yeniyeniyo, ndipo mwana amene amangosunsiridwa nsima mu msuzi amamanidwa. Chimodzimodzi nyama ndi chiwindi cha nkhuku kapena mbuzi. Zoti dzira limadwalitsa mwana kapena kumuchedwetsa kulankhula si zoona.

Masamba a chisoso, bonongwe, nkhwani, kholowa ndi cham'mwamba, chimene ambiri kuno amati sangowa, aphikeni pang'ono, muwapote. Mbatata yofiira mkati ya kudimba, maungu, mango ndi mapapaya zili ndi vitamini A woteteza maso ndi thupi. Ufa wa malambe ndi masawu ochotsa nthangala nawonso ndi zipatso. Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, za mtundu wa nyemba, zamasamba, zipatso ndi mafuta. Si zonse zingapezeke m'mbale imodzi, koma yesetsani kuti dzuwa likamalowa mwana akhale atalawako magulu ambiri.

Nanga kangati? Pa miyezi 6 mpaka 8, mudyetseni kawiri kapena katatu patsiku, kuyamba ndi masupuni aakulu awiri kapena atatu, nkumawonjezera mpaka theka la kapu ya mamililita 250. Pa miyezi 9 mpaka 11, katatu kapena kanayi, theka la kapu, chakudya chodulidwa tizidutswa toti atha kutola yekha. Kuyambira miyezi 12 mpaka 23 adye zimene banja likudya, katatu kapena kanayi, pafupifupi kapu yodzaza. Pakati pake mumpatseko nthochi, papaya kapena mbatata yophika, kamodzi kapena kawiri.

Mwana akhale ndi kambale kakekake. Pambale ya onse, achimwene ake amatha nsima iye akadali kusewera ndi mbamu yoyamba, ndipo simungadziwe kuti wadya zochuluka bwanji. Khalani naye pansi, muyang'aneni m'maso, mulankhule naye. Akalavula chakudya chatsopano musataye mtima, ana ena amachilandira atachilawa kambirimbiri. Kumupanikiza manja ndi kumuthira phala m'kamwa akulira n'koopsa, likhoza kulowa m'mapapo. Abambo, ntchito imeneyi ndi yanunso. Mukagulitsa thonje kapena mbuzi, kumbukirani mazira ndi matemba a mwana, ndipo mayi akapita kudimba, supuni igwireni ndinu.

Uchi musamupatse asanakwane chaka. Tiyi, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi tokhwasula ta m'mapaketi zimamutseka njala popanda kumumanga thupi, ndipo tiyi amalepheretsa ayironi kulowa m'magazi. Mtedza wosasinja ungamutsamwe. Mchere ukhale wochepa, wa ayodini.

Kuno madzi osefukira ndi kolera tikuzidziwa, monga zinachitikira namondwe Freddy atadutsa m'mwezi wa Malichi 2023. Sambani m'manja ndi sopo musanaphike, musanadyetse mwana, mukachoka kuchimbudzi ndi mukamusintha thewera, ndipo mumusambitsenso iye m'manja. Madzi ake akumwa akhale owiritsa kapena othira klorini, ngakhale atachokera pamjigo, ndipo amwere m'kapu, osati m'botolo la nsonga lovuta kutsuka. Phala lophika m'mawa lisadikire madzulo, kutentha kwa kuno kumaliwononga msanga. Mukasamukira kumsasa chifukwa cha madzi, musamuletse bere, pakuti ndicho chakudya chake chotetezeka kwambiri pamalo otero.

Mwana akadwala, muyamwitseni kwambiri ndi kumupatsa chakudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Akatsegula m'mimba, mumwetseni Thanzi ORS ndipo mukalandire mapiritsi a zinki kuchipatala. Akachira, wonjezerani chakudya kamodzi patsiku kwa masabata awiri kuti abweze thupi.

Pitani naye kusikelo mwezi uliwonse. Kumeneko amalandira vitamini A kuyambira miyezi 6 ndi pakatha miyezi 6 iliyonse, katemera wa chikuku pa miyezi 9, ndi mankhwala a njoka zam'mimba akakwana chaka. Mukaona mapazi onse awiri akutupa, tsitsi likufiira ndi kuyoyoka, sikelo yake ikutsika, akukana bere kapena akusanza chilichonse, musadikire tsiku la sikelo. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mukapatsidwa chiponde, dziwani kuti ndi mankhwala a mwana wodwalayo yekha, osati chogawana ndi abale ake kapena chogulitsa pamsika.